Godzilla woyamba uja wa 1954: filimu ya ana kapena ya anthu ali pa maliro?

Aphunzitsi_Zomba: Moni nonse pagulu. Tinapangana kuti sabata ino aliyense aonere Godzilla woyamba, wa 1954, uja wopanda mitundu, ndiye ndiyambe ndine kutula maganizo. Kwa ine iyi ndi filimu ya anthu amene ali pa maliro. Inatuluka pa 3 Novembala 1954, patangotha zaka 9 chigwereni mabomba a atomiki ku Hiroshima ndi ku Nagasaki. Anthu amene anadzaza maholo a kanema ku Tokyo anali omwewo amene usiku wa pa 9 kuchera pa 10 Malichi 1945 anathawa moto ndege za America zitatentha mzindawo, usiku umodzi wokha n'kufa anthu pafupifupi 100,000. Taganizirani munthu woteroyo atakhala pampando, akuona Ginza, dera la masitolo la mu Tokyo, akuyakanso, masayilini akulira, anthu akuthamanga ndi mitolo kumsana. Zonsezo anazionapo ndi maso ake.

Mwana_wa_Ndirande: Aphunzitsi, ulemu wanu, koma ine sindinamve zimenezo. Ndinangoona munthu atavala chisuti cha labala akuponda timanyumba. Godzilla mwiniwake amachedwanso kuoneka, nthawi yambiri ndi anthu kumangokambirana m'maofesi. Ife amene tinakulira mu video show timadziwa Godzilla wa 1998 uja wa ku New York, ndiye pano kuli Godzilla vs. Kong. Kumeneko ndiye kumakhala ntchito. Iyi yandigwetsa ulesi, ndisaname.

Mjomba_Mangochi: Mphwanga wa ku Ndirande, bwerera ukaonerenso mphindi zoyambirira zija. Amalinyero ali pa sitima, wina akuimba gitala, nyanja ili bata. Mwadzidzidzi kukuwala koopsa, madzi akuwira, sitima ikupsa, woyendetsa wailesi akuitana thandizo mpaka madzi kumupeza. Iwe waona chiyambi cha filimu basi. Anthu a ku Japan a chaka chimenecho anaona nkhani imene inali m'nyuzipepala zawo tsiku ndi tsiku.

Pa 1 Malichi 1954, miyezi isanu ndi itatu filimuyi isanatuluke, America inaphulitsa bomba la hydrogen pa zilumba za Bikini m'nyanja ya Pacific. Kuyesako anakutcha Castle Bravo. Mphamvu yake inafika mamegatani 15, kuposa kawiri zimene akatswiri awo ankayembekezera, ndipo kuyerekeza ndi la ku Hiroshima linali lamphamvu pafupifupi ka 1,000. Boti la asodzi a tuna la ku Yaizu ku Japan, dzina lake Daigo Fukuryū Maru, linali kunja kwa malire amene a America analengeza kuti ndi oopsa. Munali asodzi 23. Anaona kumadzulo kukuwala ngati dzuwa latulukira kolakwika, patapita mphindi zingapo n'kumva kugunda. Sanathe kuthawa nthawi yomweyo chifukwa zingwe za mbedza zinali m'madzi, ndipo msodzi sasiya zingwe zake. Ali mkati mokoka, kunayamba kugwa phulusa loyera, miyala ya m'nyanja imene bomba linapera n'kuiulutsira kumwamba. Linawagwera m'tsitsi, m'maso, m'makutu, mapazi awo n'kumadinda m'phulusalo pa boti. Pomafika ku Yaizu pa 14 Malichi khungu linali litapsa, tsitsi likusosoka, nkhama zikutuluka magazi. Woyendetsa wailesi wa botilo, Aikichi Kuboyama, anamwalira pa 23 Sepitembala chaka chomwecho.

Ine ndakulira pa nsomba, ndiye mbali imene imandibaya ndi ya pamsika. Tuna amene anabwera naye anapezeka ndi radiation. Akuluakulu a zaumoyo anayamba kuyenda m'madoko ndi makina a Geiger oyezera radiation, nsomba zambirimbiri n'kutayidwa, zina n'kukwiriridwa. Anthu anasiya kugula nsomba, m'dziko limene nsomba ndiye ndiwo ya tsiku lililonse. Msodzi amene sanapite n'komwe ku Bikini anagona ndi njala chifukwa cha bomba la anthu ena.

Mai_a_Tadala: Mjomba, zikomo. Zimenezi sindinkazidziwa. Kodi anthu a pa zilumbazo zinawathera bwanji?

Mjomba_Mangochi: Mayi, phulusa lomwelo linagwera anthu a ku Rongelap, ndipo anakhala nalo masiku awiri asanasamutsidwe. Ambiri anadzadwala matenda a chithokomiro patapita zaka. Nkhani yawo sinamveke ngati ya asodzi a ku Japan chifukwa analibe nyuzipepala zikuluzikulu zowayankhulira.

Aphunzitsi_Zomba: Ndiwonjezerepo pa za Mjomba. Kuyambira 1945 mpaka 1952 Japan inali m'manja mwa asilikali a America, ndipo zolemba kapena zojambula zokhudza bomba zinkapimidwa kaye. Anthu anakhala zaka zonsezo chisoni chili m'khosi. Nkhani ya boti ija itachitika, amayi a ku Suginami mu Tokyo anayamba kusonkhanitsa masiginecha okana mabombawa, ndipo pofika 1955 anali atadutsa 30 miliyoni. Filimuyi inabadwira m'kati mwa mkwiyo umenewo. Wotsogolera wake, Ishirō Honda, anali msilikali ku China, anagwidwa ukaidi, ndipo pobwerera kwawo mu 1946 anadutsa pa Hiroshima n'kuona mmene panalili.

NaPhiri_Leeds: Moni akuluakulu. Ndaweruka kumene, ndawerenga zonse. Ine ndine namwino, ndiye chimene chinandigwira ndi m'mawa wake Godzilla atachoka. Anthu agona pansi m'makhonde, mabedi atha, anamwino akudumpha odwala. Dokotala akuyandikitsa makina a Geiger kwa kamwana, makinawo akuchita phokoso, iye akungoyang'ana mnzake osanena kanthu. Aliyense wogwira ntchito m'chipatala amaidziwa nkhope imene ija. Pali kamtsikana kena kakulira mayi ake akunyamulidwa atafa. Usiku umene Godzilla ankaononga mzinda uja, moto uli mkati, pali mayi wakhala pansi m'mbali mwa nyumba atakumbatira ana ake, akuwauza kuti posachedwa akakhala kumene kuli bambo awo. Sananene kuti bambowo anafera kuti, koma aliyense mu holo anadziwa kuti ndi ku nkhondo. Mafilimu atsopanowa nyumba zimagwa zambirimbiri koma sationetsa amene anali m'katimo. Honda anakhala nawo anthuwo mpaka m'mawa.

Mwana_wa_Ndirande: Achemwali, pamenepo ndavomera, malo a mayi uja ndinawaona ndipo anandikhudza. Koma za chisuti zija ndiye ayi. Zikuonekeratu.

Fundi_wa_Kamera: Achimwene, tiyeni tikambe za chisuticho, chifukwa ine ndimachilemekeza. Eiji Tsuburaya, amene ankayang'anira zojambula zachilombozi, ankakonda King Kong wa 1933 ndipo ankafuna kuchita chimodzimodzi: kachidole, kukasuntha pang'ono, kujambula, kukasunthanso. Atawerengetsera anapeza kuti zitenga zaka, pomwe kampani ya Toho inkafuna filimu chaka chomwecho. Tomoyuki Tanaka, pulodyusa wa filimuyi, anali atangolephera kumene filimu ina imene amafuna akajambule ku Indonesia, ndiye panali dzenje loti alitseke msanga. Apa ndi pamene anaganiza zoveka munthu suti n'kumumangira Tokyo wamng'ono, nyumba iliyonse yochepetsedwa ka 25, ya mawindo ake, matailosi ake, mapolo a magetsi ndi mawaya ake.

Suti yoyambayo inkalemera pafupifupi makilogalamu 100. Haruo Nakajima amene ankaivala ankangokhalamo mphindi zochepa chifukwa cha kutentha kwa magetsi a mu studio, thukuta ankachita kukhuthula m'sutimo. Ankapita ku Ueno Zoo kukaonerera mmene njovu ndi zimbalangondo zimayendera. Kamera ankaithamangitsa, kuti poionetsa pa liwiro lake phazi lizitsika mwapang'onopang'ono, njerwa zizigwa ngati zolemeradi. Nakajima anavala suti ya Godzilla m'mafilimu 12 mpaka 1972. Kulira kuja si kwa nyama iliyonse. Anayesa kujambula nyama zenizeni koma sizinawagwire mtima. Akira Ifukube, wopeka nyimbo za filimuyi, ndiye anapereka nzeru yopaka utomoni pa golovesi yachikopa n'kuikhuza pa nsambo za double bass, mawuwo n'kuwachedwetsa. Mpaka lero anthu amakuzindikira atangokumva.

Ndiye muyesere kuionera usiku, magetsi ozimitsa, pa sikirini yayikuluko, osati pa foni. Anamujambula mumdima dala. Mukungoona chimutu kuseri kwa nyumba, kumbuyo kwake moto.

Wa_ku_Chipata: Funso kwa a Fundi. Imene ndinapeza ine muli mzungu wa kaliwo, mtolankhani, amene akufotokoza zonse. Ndi yomweyo?

Fundi_wa_Kamera: Ayi achimwene, imeneyo ndi ya 1956, Godzilla, King of the Monsters!, imene a ku America anaidula n'kuikamo Raymond Burr. Anachotsa zambiri zimene tikukambirana pano. Mu yeniyeniyo muli anthu mu sitima yapamtunda akudandaula za tuna wa poizoni, mayi wina n'kunena kuti anapulumuka ku Nagasaki ndipo safuna kudutsanso m'zimenezo. Kumapeto Dr. Yamane, katswiri wa sayansi wa m'filimuyi, amachenjeza kuti kuyesa mabomba kukapitirira kudzatuluka Godzilla wina. Zonsezo anazichotsa. Yeniyeniyo inadzaonetsedwa bwinobwino m'maholo a ku America mu 2004, patatha zaka 50. Funani yolembedwa Gojira, ya mawu a Chijapani.

Wa_ku_Chipata: Ndiye kuti amene anaponya bomba ndi amenenso anasankha zoti dziko lonse lione. Zandipweteka zimenezo.

Mai_a_Tadala: Ine poonera ndimangokumbukira Napolo. Agogo anga ankati madzi akaphulika m'phiri, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndiye kuti Napolo wadutsa, akusamuka kupita ku nyanja. Pa chilumba cha Odo mu filimuyi mulinso nkhalamba imene ikunena kuti nsomba zasowa chifukwa cha Godzilla, atsikana n'kumaiseka. Anthu akakumana ndi tsoka loposa nzeru zawo amalipatsa dzina ndi thupi kuti athe kulikamba.

Aphunzitsi_Zomba: Mayi, mwalasa, ndipo nkhalamba ija ndi yofunika. Koma pali pamene ziwirizi zasiyana. Napolo sadzutsidwa ndi munthu wa mu labotale. Yamane atapita ku Odo anapeza mapazi a chilombo ali ndi radiation, ndipo anakauza aphungu kuti mabomba a hydrogen ndi amene anachisokoneza kumene chinkakhala pansi pa nyanja. Pomwepo aphungu anayamba kukangana, wina akuti tibise kuopa kuononga ubale ndi maiko ena, mayi wina akukuwa kuti choonadi chinenedwe. Tsoka ili lili ndi mwini wake, ndipo filimuyi ikufuna kuti tidziwe zimenezo ngakhale sikutchula dzina la America mokweza.

Nyamazela_Joni: Ndakhala chete koma ndiloleni nditsutseko. Tonse pano tikulira nawo a Japan, chabwino. Koma Japan yomweyo ndi imene inalanda Korea kuyambira 1910, inapha anthu osawerengeka ku Nanjing mu 1937, inagwira amayi a maiko ena ukapolo wa asilikali. Mu filimuyi mulibe mawu amodzi onena za zimenezo. Munthu wa ku China kapena ku Korea akamaonera, sakuona dziko limene likudzionetsa ngati lolakwiridwa lokha? Godzilla Minus One, ya 2023 ija, ndiye yanyanya: asilikali akale onse ndi anthu abwino, ovutika, ndipo ndi amene akupulumutsa dziko.

Mjomba_Mangochi: Asodzi 23 aja sanaphe munthu ku Nanjing, achimwene.

Nyamazela_Joni: Zoona Mjomba, ndipo sindikuchepetsa ululu wawo. Ndikunena za chimene dziko limasankha kukumbukira likamapanga mafilimu ake.

Aphunzitsi_Zomba: Funso la a Nyamazela ndi lolemera ndipo tisalithawe. A ku Japan ena analifunsanso. Mu 2001 Shūsuke Kaneko anapanga filimu imene anthu amaifupikitsa kuti GMK, mmene Godzilla ali ndi maso oyera opanda kamwana ka diso, ndipo nkhalamba ina imafotokoza kuti m'thupi mwake muli mizimu ya anthu amene anafa pa nkhondo ya ku Pacific, yakwiya chifukwa Japan yaiwala. Kumeneko chilombo chikubwera kudzafunsa mlandu. Za ya 1954, ndivomereza kuti siyankhula za China. Komabe muonetsetse Dr. Serizawa. Nkhondo inamudya diso, ndipo m'chipinda chake chapansi wapanga chida, Oxygen Destroyer, chimene chimachotsa mpweya m'madzi. Anamuonetsa Emiko, mwana wamkazi wa Yamane, m'thanki ya nsomba, nsomba zonse n'kusanduka mafupa, mtsikanayo n'kukuwa. Serizawa akukana kuchitulutsa chifukwa akudziwa kuti andale a dziko lililonse adzachisandutsa chida cha nkhondo, ndipo sakupatula dziko lake. Wopanga chida choopsa mu filimuyi ndi Mjapani. Honda sanaike uchimowo pa mtundu umodzi.

NaPhiri_Leeds: Ndipo chimene chinamusintha maganizo Serizawa ndi ana a sukulu aja akuimba pemphero la mtendere pa TV, kamera ikudutsa pa mabwinja ndi pa odwala. Kenako akuwotcha mapepala ake onse, akutsikira pansi pa Tokyo Bay ndi chidacho limodzi ndi Ogata, chibwenzi cha Emiko, akumukweza mnzakeyo, iye n'kudula chingwe ndi paipi yake ya mpweya kuti nzeruzo zife naye. Palibe amene akusangalala bwinobwino pa sitima paja. Ngakhale pamene Godzilla akufa m'madzi, nyimbo ya Ifukube ndi ya chisoni.

Apa ndi pamene ndimasiyana nanu a Nyamazela pa Minus One. Amene simunaionere, pepani, ndiulula mathero. Kōichi Shikishima anali woyendetsa ndege wa kamikaze, aja otumidwa kukadzigwetsa pa zombo za adani, amene anaopa kufa n'kunamizira kuti ndege yawonongeka. Wabwerera ku Tokyo, makolo ake anapsa, mayi woyandikana naye nyumba akumunyoza kuti bwanji wabwera wamoyo. Akulera kamwana kamasiye ndi mtsikana wina, Noriko, m'kachisakasa, usiku akudzidzimuka ndi maloto. Filimu yonse ikumukankhira ku imfa, ndipo ife oonera tikuyembekeza kuti achita za Serizawa. Koma injiniya Noda akuuza anthu poyera kuti dziko lawo linatchipitsa moyo wa munthu, ndege zopanda pothawira, asilikali kufa ndi njala, ndipo akufuna nkhondo imene sipafa munthu. Makaniko Tachibana, amene anali ndi chifukwa chomuda Shikishima, ndi amene akumuikira mpando wothawira mu ndege n'kumuuza kuti akhale ndi moyo. Ineyo ndaonapo odwala amene amadziona ngati sakuyenera kuchira. Filimu imene ikuuza munthu wotero kuti moyo wako si ngongole yoti ubweze ndi imfa, sindingaitche yotamanda nkhondo.

Nyamazela_Joni: Achemwali, ikudzudzula boma chifukwa chowononga moyo wa Ajapani. Moyo wa ena aja sinaukhudze. Pamenepo ndiye sindisuntha.

NaPhiri_Leeds: Pamenepo sindikutsutsani.

Mwana_wa_Ndirande: Minus One ndiye ndinaikonda heavy. Malo aja akuthamangitsa kaboti kamatabwa, mutu wokha uli pamwamba pa madzi, ndinagwira mpando. Ndi zoona kuti inawina Oscar?

Fundi_wa_Kamera: Zoona. Inatuluka pa 3 Novembala 2023, tsiku lofanana ndi yoyamba ija, ndipo mu Malichi 2024 inalandira Oscar ya visual effects, koyamba filimu ya Godzilla kulandira mphoto imeneyi. Takashi Yamazaki ndi gulu la anthu 35 okha ndi amene anagwira ntchito ya zithunzizo, ndalama zake zosafika madola 15 miliyoni, pomwe a Hollywood amawononga kuposa 150 miliyoni pa filimu imodzi yotere. Ndipo mukamva nyimbo ija pamene zombo zikumuzungulira, ndi ya Ifukube yomwe ija.

Wa_ku_Chipata: Nanga zinatheka bwanji kuti chilombo cha maliro chisanduke bwenzi la ana? Ine amene ndinkamuona ndili mwana ankavina.

Aphunzitsi_Zomba: Ndalama, achimwene. King Kong vs. Godzilla ya 1962 inadzaza maholo kuposa ina iliyonse, ndipo TV itayamba kulanda akuluakulu, amene anatsala m'maholo anali ana. Mu 1964 anagwirizana ndi Mothra ndi Rodan kumenyana ndi King Ghidorah wa mitu itatu, mu 1965 ndi mmene anavina muja, mu 1967 anamupatsa mwana, Minilla. Ine zaka zimenezo sindizikonda kwenikweni, kupatula Godzilla vs. Hedorah ya 1971. Mdani wake ndi chithaphwi cha zinyalala za m'mafakitale, chimayamwa utsi pa machumuni, chikauluka anthu akugwa m'misewu. Inatuluka nthawi imene matenda a ku Minamata ndi chifuwa cha ku Yokkaichi zinali pakamwa pa aliyense. Ngakhale ankasangalatsa ana, ena mwa opangawo ankakumbukirabe ntchito ya chilombochi.

Mai_a_Tadala: Ndiye palibe amene watchula Shin Godzilla?

Nyamazela_Joni: Imeneyo ndiye yanga, mayi. Ya 2016, ya Hideaki Anno ndi Shinji Higuchi. Aliyense ku Japan anaona kuti ikukamba za pa 11 Malichi 2011, chivomezi, tsunami ndi ngozi ya ku Fukushima. Chilombo chikukwera mtsinje chikukankha maboti ndi magalimoto m'misewu monga anachitira madzi aja, pomwe nduna zikuchoka m'chipinda china cha msonkhano kulowa china. Nduna yaikulu ikuuza atolankhani kuti chilombocho sichingakwere kumtunda, pomwepo wina akuinong'oneza kuti chakwera kale. Imeneyi ndiye imayang'ana dziko lake m'maso popanda kulinyengerera. Ndipo amene akupeza njira ndi achinyamata ndi akatswiri amene akuluakulu ankawaona ngati osokoneza, atadzazana m'chipinda chimodzi ndi malaputopu, osasintha malaya masiku angapo.

Mwana_wa_Ndirande: Koma imeneyonso ndi ya misonkhano? Mwandiopseza.

Nyamazela_Joni: Misonkhano ilimo yambiri, aise, koma imathamanga. Ukafika pamene akulavula moto usiku pakati pa Tokyo udzabwera wekha kudzatiuza.

Mai_a_Tadala: Funso lomaliza kwa ine. Wanga wamkulu ali ndi zaka 10 ndipo amakonda za zilombozi. Ndingamuonetse iti?

NaPhiri_Leeds: Ya 1954 angaonere muli pambali pake, magazi mulibe, koma konzekerani mafunso pa malo a chipatala aja ndi imfa ya Serizawa. Minus One ndingadikire kaye zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa chiyambi chake pa chilumba ndi choopsa ndipo nkhani ya kudzipha ili ponseponse. Ngati mukufuna yoti asangalale, Mothra vs. Godzilla ya 1964 ndi yabwino, ndipo ndi ya Honda yemweyo.

Aphunzitsi_Zomba: Tagwirizana choncho: Loweruka likudzali ndi Shin Godzilla, ndipo a Nyamazela ndi amene adzatsegule zokambirana. A ku Chipata, yambani mwapeza Gojira yeniyeni ija, mudzatiuze kusiyana kumene mwaona ndi ya Raymond Burr.

Wa_ku_Chipata: Ndaipeza kale aphunzitsi, ya mphindi 96, mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Ndiionera mawa ndikaweruka.